Dzino Linadikira Zaka 47

Munthu wakale kwambiri amene timadziwa kuti anavutika ndi dzino m'dziko muno anali wa ku Kabwe, ndipo anamwalira zaka pafupifupi 300,000 zapitazo. Chigaza chake chinapezeka mu June 1921 mumgodi wa mtovu ndi zinki wa Broken Hill. Anachifukula ndi mzungu wa ku Switzerland dzina lake Tom Zwiglaar pamodzi ndi wantchito wachikuda amene olemba mabuku sanavutike n'kusunga dzina lake. Chitafika ku London, akatswiri anachita chidwi ndi mafupa okhuthala a pamwamba pa maso. Koma odziwa za m'kamwa anaona chinanso: mano khumi a m'mwamba anali obowoka, ndipo fupa la pamizu pake linali ndi zipsera za mafinya. Munthu ameneyu sanalaweko switi, sanamweko tiyi wa masupuni anayi, komabe usiku wina anagona atagwira tsaya monga momwe inu ndi ine tinachitirapo. Chigazacho mpaka lero chili ku Natural History Museum ku London. Boma lathu lakhala likupempha kuti chibwerere, kuno tatsala ndi chofanizira chabe.

Choncho kuwawa kwa dzino n'kwakale kuposa ufumu uliwonse umene tinaphunzira m'kalasi. Koma yunivesite ya boma yoyamba kuphunzitsa Mzambia udokotala wa mano konkuno kwawo inayamba ntchitoyo mu 2011, patapita zaka 47 chilandirire ufulu. Pakati pa 1964 ndi 2011 tinamanga njanji ya TAZARA, tinatseka mtsinje wa Kafue n'kupanga magetsi, tinaphunzitsa maloya, mainjiniya ndi madokotala a matenda ena onse. Dzino lokha linauzidwa kuti lidikire panja. Amene ananyamula katunduyo zaka zambiri ndi kasukulu kamene ambiri a inu mwadutsa pafupi nako pa minibasi osakazindikira, Dental Training School ya ku Thornpark, kufupi ndi Northmead mu Lusaka.

Anzathu olankhula Chibemba akati amano amatanthauza nzeru. Mukauza mnzanu wa ku Kitwe kuti mwapeza malo ku sukulu ya mano, akhoza kukuyankhani kuti sukulu iliyonse ndi ya mano. Ine pano ndikunena za mano otafunira chimanga.

Makolo athu sanali mbuli pa nkhani ya m'kamwa. Ankathyola kamtengo, n'kutafuna nsonga yake mpaka itafewa ngati burashi, n'kutsukira. Ena ankapaka makala kapena phulusa. Chakudya chawo chinali cholimba, cha mawere, mapira ndi ndiwo zamasamba, ndipo chotsekemera chinali uchi, masuku ndi misale, zonse za panyengo yake, osati za tsiku ndi tsiku. Ankadziwanso kugwira mano ndi chitsulo. Kum'mawa ndi kumpoto kunali anthu osema mano a patsogolo kuti akhale osongoka. Kum'mwera, Atonga ndi Aila ankachotsa mano a m'mwamba a patsogolo mwana akamakula. David Livingstone, podutsa kumeneko mu 1855, analemba kuti anthuwo anamuuza kuti akufuna kufanana ndi ng'ombe, pakuti wosunga mano onse amaoneka ngati mbidzi. Lero tikhoza kuseka, koma taganizani luso limene linkafunika kuti munthu achotse mano anayi a mwana wa mnzake popanda jekeseni, mwanayo n'kuchira.

Chimene sankadziwa ndicho chimene chimaboola dzino. Ambuya anga ankati m'dzino lobowoka mumakhala kanyongolotsi, ndipo ankadziwa munthu wina amene ankakatulutsa ndi utsi. Sanali okha pa chikhulupiriro chimenechi. Anthu a ku Babulo analemba za nyongolotsi ya m'dzino pamapale adothi, ndipo ku Ulaya anaikhulupirira mpaka m'zaka za m'ma 1700, pamene Mfalansa Pierre Fauchard, amene buku lake la 1728 limatengedwa ngati chiyambi cha udokotala wa mano wamakono, anaikana. Kufotokoza kwenikweni kunabwera mu 1890 ndi Willoughby Miller, Mmereka wogwira ntchito ku Berlin: tizilombo tosaoneka timene timakhala m'kamwa timadya shuga wotsalira, n'kutulutsa asidi, asidiyo n'kusungunula chikopa cholimba cha dzino. Ndiye kuti ambuya sanaphonye kwambiri. Kachilombo kalipodi, kungoti sikatuluka ndi utsi.

Kuno ku Chalimbana nkhani ya ukhondo ili ndi mbiri yakeyake, ndipo ndi imene inandichititsa kufufuza zonsezi. Pamalo pamene pali Chalimbana University lero panali Jeanes School, imene inayambira ku Mazabuka mu 1929 n'kusamukira kuno mu 1939. Dzinalo ndi la Anna Jeanes, mayi wolemera wa ku Philadelphia amene anasiya chuma chake kuti chithandize sukulu za anthu akuda a kumidzi ku America. Maganizo ake anawoloka nyanja pambuyo pa ulendo wa bungwe la Phelps-Stokes mu 1924, ndipo sukulu zotere zinatsegulidwa ku Kabete ku Kenya, ku Domasi ku Nyasaland, ndi kuno kwathu. Mphunzitsi ankabwera ndi mkazi wake ndi ana, n'kukhala m'mudzi wachitsanzo. Bambo ankaphunzira kuyendera sukulu za kumidzi, kukumba chimbudzi, kuteteza chitsime. Mayi ankaphunzira kusamala khanda, kuphika ndi kusoka. Mafumu nawonso ankabwera kudzachita maphunziro awo. Atabwerera kwawo, anthu amenewa ndiwo anali oyamba kuimika ana pamzere m'mawa n'kuwayang'ana zikhadabo, tsitsi ndi mano. Mwambo uja wa "onetsani mano" pa asembule, umene ena a ife tinaupeza ukadalipo, ndi wa m'badwo umenewo.

Ndimawalemekeza aphunzitsi amenewo, koma sindilemekeza nzeru imene inali kumbuyo kwa dongosololo. Boma la atsamunda linaona kuti kuphunzitsa Mwafirika kutsuka m'kamwa n'kotsika mtengo kuposa kumupatsa dokotala. Lusaka itakhala likulu mu 1935 m'malo mwa Livingstone, munali chipatala cha azungu ndi chipatala cha anthu akuda, monga momwe m'masitolo ena munthu wakuda ankagulira pawindo. Madokotala a mano ochepa amene analipo ankakhala m'matauni a m'mbali mwa njanji, ndipo pampando wawo pankakhala makamaka azungu. Kwa wina aliyense, dokotala wa mano anali mmishonale, sisitere kapena wothandiza dokotala wa pa dispensale, atagwira chopanira chimodzi chowiritsidwa m'poto. Ntchito yawo inali imodzi yokha: kuzula. Kuyambira pamenepo mawu akuti "ndikupita ku mano" anayamba kutanthauza "ndikukazulitsa," ndipo tanthauzo limenelo silinachokebe m'makutu mwathu.

M'nthawi ya Federation, kuyambira 1953 mpaka 1963, zaumoyo zinkayendetsedwa kuchokera ku Salisbury. Chitaganyacho chitatha, antchito ambiri achizungu analongedza. Kenneth Kaunda analandira dziko limene linali ndi anthu akuda pafupifupi 100 chabe okhala ndi digiri. Tayesani kukhala pampando wa nduna ya zaumoyo mu 1964. Ana akufa ndi chikuku ndi malungo, azimayi akufera pa uchembere, chifuwa chachikulu chili m'migodi, kumidzi kulibe ngakhale namwino. Wina n'kubwera ndi pepala lopempha sukulu ya mano. Ndikuganiza kuti nanenso ndikanamuuza kuti abwere mawa. University of Zambia inatsegulidwa mu 1966, sukulu yake ya udokotala inakhazikika ku Ridgeway pafupi ndi chipatala chachikulu chimene chinadzakhala University Teaching Hospital, ndipo madokotala oyamba anatuluka mu 1973. Digiri ya mano panalibe.

Vuto ndi lakuti mawa lija linatalika. Nairobi inayamba kuphunzitsa madokotala a mano mu 1974. Dar es Salaam inatsatira patangopita zaka zochepa. Mzambia wofuna ntchitoyi ankayenera kupeza thandizo la boma n'kupita kunja, ndipo pa anthu ochepa amene anapita, si onse anabwerera. Amene anabwerera anapeza kuti ndalama zili mu Lusaka, Ndola ndi Kitwe, osati ku Chama kapena ku Shang'ombo. Mipata ya m'zipatala za boma inkadzazidwa ndi madokotala ochokera kumaiko ena, obwera pa kontirakiti ya zaka zingapo. Ku UTH kunali chipinda cha mano ndi nsagwada, chimene chinkalandira zonse zimene zalephereka kwina: nsagwada zothyoka pa ngozi, zotupa, mafinya ofalikira. Koma dziko lonse silingafole pakhomo limodzi.

Njira imene Zambia inatsata, pamodzi ndi maiko ena ambiri a Commonwealth, inachokera kutali kwambiri. Ku New Zealand, pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, akuluakulu anaona kuti anyamata ambiri olembedwa usilikali ali ndi mano owola. Mu 1921, chaka chomwe chija chigaza cha ku Kabwe chinafukulidwa, anatsegula sukulu ku Wellington yophunzitsa atsikana kwa zaka ziwiri ntchito zochepa koma zofunika: kuyeza m'kamwa mwa ana, kutsuka, kumata mphako, kuzula mano a ubwana. Kenako ankawatumiza kukakhala pa sukulu za pulayimale. Madokotala ena a mano anadandaula kuti ntchito yawo yapeputsidwa, koma dongosololo linagwira ndipo linatengedwa ndi maiko ena. Mmenemo ndi mmene munabadwira wantchito amene lero timamutcha dental therapist.

Ameneyo ndi amene sukulu ya ku Thornpark yakhala ikuphunzitsa, pamodzi ndi mnzake amene anthu samuona kawirikawiri, dental technologist. Onse amatuluka ndi dipuloma. Therapist ndi uja mumamupeza pa chipatala cha boma kapena pa kiliniki yaikulu ya m'komboni, amene inu mumamuitana kuti adokotala. Asanagwire munthu amayamba waphunzira pa mutu wa chidole wokhala ndi nsagwada zotseguka, kuboola ndi kumata mano apulasitiki mpaka dzanja litazolowera kugwira ntchito poyang'ana pa kagalasi kakang'ono, pamene kumanja kumaoneka kumanzere. Amaphunzira pamene mtsempha umadutsa m'nsagwada ya m'munsi, kuti jekeseni ikalowa pamalo pake mbali yonse ya mlomo ife dzanzi. Amaphunziranso malire ake, kudziwa kuti ichi si changa, chipite kwa dokotala wamkulu. Kwa ine limenelo ndilo phunziro lovuta kuposa onse, chifukwa kumene ambiri amatumizidwa dokotala wamkuluyo ali pa mtunda wa tsiku lathunthu.

Technologist yekha sagwira wodwala. Amalandira chidindo cha m'kamwa mwanu, n'kuthiramo pulasitala, n'kuumba nkhama za phula, n'kundandalika mano limodzilimodzi, kenako n'kuphika zonsezo kuti phula lisanduke pulasitiki yolimba. Mukaona agogo amene anasiya kudya chiwaya zaka khumi zapitazo akukukuta chimanga pa maliro, dziwani kuti pali munthu wina amene anakhala maola ambiri pa benchi akupala ndi kusalaza. Ndi ntchito ya mmisiri, yapakati pa wosula ndi woumba mbiya, ndipo ndimadabwa kuti achinyamata aluso la manja, aja okonza mafoni pa Town Centre, sauzidwa kuti ilipo.

Pasukulupo palinso kiliniki, pamene ophunzira a m'makalasi apamwamba amathandiza anthu aphunzitsi awo ataimirira pambali. Anthu ena amaopa kukhala "chophunzirira." Ine ndimaona mosiyana. Wophunzira amagwira dzino lanu mwamantha ndi mosamala, ndipo chilichonse chimene wachita chimayang'anidwanso ndi wina. Mumataya nthawi, inde, koma pa maso anayi.

Pamene sukuluyi inkatulutsa anthu ake pang'onopang'ono, m'kamwa mwa dziko munkasintha mofulumira. M'zaka za m'ma 1960 minda ya nzimbe ya Nakambala inatsegulidwa ku Mazabuka, komwe kuja Jeanes School inayambira, ndipo shuga amene kale anali wa pa Khirisimasi anakhala wa m'mawa uliwonse. Kuyambira 1998 shuga wathu amathiridwa vitamini A kuti ateteze maso a ana, chimene chili umboni wakuti boma lenilenilo linazindikira kuti shuga amafika m'nyumba iliyonse. Walira mvula walira matope. Lero pageti pa sukulu iliyonse pali kantemba ka maswiti, mabisiketi, chingamu ndi mafiriziti, ndipo khanda limene silinayambe kuyenda limagona ndi botolo la maheu otsekemera. Chimene chimaononga si kuchuluka kwa shuga kokha ayi, koma kubwerezabwereza. Nthawi iliyonse chotsekemera chikalowa, asidi amagwira ntchito kwa mphindi makumi angapo malovu asanamugonjetse. Mwana wodya maswiti asanu nthawi imodzi ali bwinoko kuposa womung'unya imodzi imodzi kuyambira m'mawa mpaka poweruka.

Ndiye panabwera umphawi wa boma. Mtengo wa kopa unagwa mu 1975, ngongole zinakula, ndalama zakunja zinasowa. Pafupifupi chilichonse cha m'chipinda cha mano chimagulidwa kunja. Kuti mumate dzino pamafunika magetsi, makina opopa mpweya, madzi oyenda, choboolera chamoyo ndi mankhwala omatira amene sanathe mphamvu. Chimodzi chikasowa, zonse zaima. Kuti muzule pamafunika jekeseni, chopanira ndi chowiritsira. Choncho therapist amene anaphunzira zaka zitatu kupulumutsa mano ankapezeka akuchita chomwe chija ankachita mmishonale. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kunabweranso malipiro a kuchipatala, amene anachotsedwa kumidzi mu 2006 ndi pa makiliniki onse mu 2012. M'zaka zimenezo munthu wa m'komboni anaphunzira kuwerengera: Panadol lero, mchere ndi madzi ofunda mawa, kuchipatala pokhapokha tsaya likatupa. Pofika tsiku limenelo dzinolo silipulumukanso, ndipo wodwala amatuluka atatsimikiza kuti ku mano amangozula.

Zimene anthu amathira m'mphako podikira ndi zoopsa kuzitchula: madzi a mubatire, mafuta a mabuleki, fodya wa m'mphuno, aspirini woikidwa pankhama mpaka kuwotcha. Zina zimaphadi mtsempha, ululu n'kutha, munthu n'kuganiza kuti wachira. Koma dzino lakufa ndi nyumba ya mafinya. Amalume anga anazulitsa dzino la m'munsi kwa munthu wina woyendayenda pa msika, amene anasiya muzu mkati. Patapita masiku anayi pansi pa chibwano panauma ngati thabwa, lilime linakwera m'mwamba, malovu sankamezeka. Tinawanyamula usiku pa kavani ka mnansi, atakhala tsonga chifukwa akagona mpweya unkatseka. Anawang'amba pakhosi kuti mafinya atuluke, ndipo anakhala m'chipatala milungu iwiri. Madokotala amatcha matendawa Ludwig's angina, ndipo amapha. Mpaka lero amalume akamameta ndevu amazungulira zipsera ziwiri. Pa maliro a munthu wotere anthu amati anatupa khosi, kapena anamulodza. Palibe amene amati anafa ndi dzino, ndipo ndikukhulupirira kuti ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene dzino linakhalira kumapeto kwa mzere wa bajeti.

M'kamwa ndi pawindo pamene matenda ena amayamba kusuzumira. Mu 1958 Denis Burkitt, dokotala wa ku Kampala, analemba za khansa ya ana imene imatupitsa nsagwada ndi kugwedeza mano, ndipo mu 1961 anayenda pa galimoto m'zipatala za maiko ambiri, kuphatikizapo Northern Rhodesia ndi Nyasaland, kufufuza kumene imapezeka. Anaona kuti imatsata madera otentha ndi achinyezi, kumene malungo ali ochuluka. Khansa imeneyi imakula msanga koma imamva mankhwala ikapezeka msanga, ndipo kawirikawiri mayi amayamba wapita ndi mwanayo kwa wa mano. Wozula wa pamsika amazula dzino logwederalo. Wophunzira bwino amalemba kalata yopita ku Lusaka tsiku lomwelo. M'zaka zoopsa za Edzi, mankhwala otalikitsa moyo asanafike, zoyera za palilime ndi zilonda za m'kamwa ndizo zinkayamba kuulula zimene munthu sanayezetse, ndipo antchito a mano ankagwira magazi tsiku lililonse pa nthawi imene magulovu anali osowa. Palinso noma, chilonda chimene chimadya tsaya la mwana wanjala mpaka mano kuonekera kunja, chimene bungwe la WHO linachiika pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa mu December 2023.

Nzeru ina yothandiza malo ngati athu inatulukira pafupi pompano. M'zaka za m'ma 1980, ku Tanzania, dokotala wa ku Netherlands dzina lake Jo Frencken anayamba kumata mano popanda magetsi: kukokota chowola ndi kachitsulo ka m'manja, n'kutseka ndi simenti yapadera imene imagwira padzino ndi kutulutsa fluoride pang'onopang'ono. Njirayi, yotchedwa ART, inayesedwa pa ana a sukulu ku Zimbabwe ndi ku Thailand, ndipo WHO inailimbikitsa mu 1994. Imatheka mwana atagona pa desiki, pansi pa mtengo. Sigwira pa mphako yaikulu imene yafika pamtsempha, ndiye chinsinsi chake ndi kupeza dzino msanga, ndiko kuti wa mano apite kwa ana m'malo modikira ana kuti abwere akulira.

Kenako chinafika chaka cha 2011. Copperbelt University inatsegula sukulu ya udokotala ku Ndola, imene pambuyo pake inapatsidwa dzina la Michael Chilufya Sata, ndipo pamodzi ndi digiri ya udokotala wamba inayambitsa digiri ya udokotala wa mano. Chaka chomwecho mu Lusaka munatsegulidwa chipatala cha Levy Mwanawasa, chomangidwa ndi thandizo la China, pa Great East Road m'dera la Chainama. Pofika 2019 pamalopo panali patakhazikitsidwa Levy Mwanawasa Medical University, imene inasonkhanitsa pansi pa denga limodzi Chainama College of Health Sciences, yophunzitsa ma clinical officer kuyambira kalekale, ndi Dental Training School ya ku Thornpark. Kasukulu ka dipuloma kanakhala mbali ya yunivesite. Tisadzione ngati otsalira tokha: anansi athu a ku Malawi anayamba digiri yawo ya mano mu 2019, ku Blantyre.

Mukakwera minibasi kuchokera kuno kupita m'tauni, mumawerenga mbiri yonseyi chobwerera. Mukachoka pa Chongwe, kudutsa Silverest ndi mphambano ya ku eyapoti, mukangopitirira Chelstone mumaona nyumba zatsopano za Levy. Patsogolo pang'ono pali UNZA ya 1966 ndi nyanja zake za Goma. Mukadutsa Manda Hill ndi Northmead mwafika pafupi ndi Thornpark. Ulendowo ndi wa makilomita oposa 40, ndipo kwa mayi wa kumidzi ya kuseri kwa Chalimbana, m'dziko la Asoli la Mfumukazi Nkomeshya Mukamambo II, umayamba ndi kuyenda pansi kapena pa njinga mpaka pamsewu. Ife tili ndi mwayi, chipatala cha boma chili pa Chongwe ndipo Lusaka ili pafupi. Komabe ndikudziwa anthu ambiri kuno amene amasankha kugula mapilitsi pa kantemba, chifukwa tsiku limodzi la kumunda kapena la pa msika ndi ndiwo za banja lonse.

Pali anthu amene amati popeza tsopano tili ndi madokotala a digiri, nthawi ya therapist yatha. Sindigwirizana nawo. Dokotala wa digiri ndi wofunika pa nsagwada yothyoka, pa chotupa, pa dzino lokwiririka, pa kuchiza muzu, ndiponso kuti aphunzitse ena. Koma iye amatenga zaka zambiri ndi ndalama zambiri, ndipo akatuluka ngongole ndi banja zimamukokera ku Kabulonga ndi Woodlands, kumene kuli anthu olipira mawaya owongola mano. Sindimuimba mlandu. Ku Kanyama, ku Mtendere, ku Rufunsa, ntchito yambiri ndi ija ya ku Wellington: kuyeza, kutsuka, kumata kamphako kasanakule, kulankhula ndi makolo. Vuto limene lilipo tsopano ndi lachilendo kwa makolo athu a 1964. Kale kunalibe ophunzira. Lero alipo, ena ali pakhomo ndi mapepala awo a Health Professions Council of Zambia akudikira kulembedwa ntchito, pamene kumidzi kuli mipando ya mano yokutidwa ndi chitenje. Mu 2022 boma linalemba antchito azaumoyo oposa 11,000 nthawi imodzi, ndipo aliyense amene ali ndi m'bale wophunzira zaumoyo akukumbukira momwe anthu anafufuzira maina m'nyuzipepala tsiku limenelo.

Kwa inu amene muli Grade 11 kapena 12 ndipo biology ndi chemistry sizikuvutani, dziwani kuti khomo ili lilipo, ndipo si la okhawo amene alephera kulowa udokotala. Kwa enafe, zinthu zimene wa ku Thornpark aliyense angakuuzeni n'zotsika mtengo. Mankhwala otsukira, amene tonse timawatcha Colgate ngakhale akhale a kampani ina, akhale ndi fluoride. Tsukani kawiri, makamaka pogona, ndipo mukatha lavulani chabe osachukucha ndi madzi, kuti mankhwalawo atsale pamano. Nkhama zotuluka magazi sizitanthauza kuti muleke kutsuka, zikutanthauza kuti pamenepo simufikapo. Ndipo amene akubisa kumwetulira chifukwa cha dzino lakuda la patsogolo akumbukire mbewa ya manyazi ija inafera kuuna.

Jeanes School inasanduka koleji ya aphunzitsi, kenako NISTCOL yophunzitsa aphunzitsi amene ali kale pantchito, kenako yunivesite. Ntchito yake yaikulu ikadali yomweyo, kutumiza anthu kukaima patsogolo pa ana. Ndikadapatsidwa ola limodzi ndi ophunzira amenewa, ndikadawaonetsa dzino limodzi lokha. Mwana akafika zaka zisanu ndi chimodzi, kumbuyo kwenikweni kwa mano a ubwana kumamera dzino lalikulu lotafunira, limodzi pa ngodya iliyonse ya m'kamwa, onse anayi. Limamera mwakachetechete, popanda lina kuguluka, choncho palibe amene amaliponya padenga kapena kulisangalalira. Makolo ambiri amaliyesa la ubwana, ndipo likabowoka amati lisiyeni, lidzamera lina. Silimeranso. Pamwamba pake pali timing'alu tozama timene timasunga zotsalira za bisiketi, ndipo dzanja la mwana wa msinkhu umenewo silifikako ndi mswachi. Pamene mwana akulembetsa Grade 1 dzinolo lili ndi chaka chimodzi kapena kuchepera, likadali loti n'kulipulumutsa ndi simenti ya pa desiki ija, ndipo munthu wamkulu amene amakhala ndi mwanayo maola ambiri masana ndi mphunzitsi wake.